Mbiri ya lamulo loletsa kusakaniza mabatire

Lamulo limene amisiri a zamagetsi akhala akuphunzitsana kwa zaka zambiri, lakuti mabatire osiyana kukula kapena zaka asalumikizidwe pamodzi, linayamba kalekale batire ya lithium isanadziwike. Gwero lake ndi batire ya mtovu ndi asidi, imene Gaston Planté wa ku France anapanga mu 1859, yomwe inali yoyamba kutchajidwanso ikatha moto. Popeza selo imodzi, kutanthauza kachipinda kamodzi kosunga moto, imapereka mavolti awiri okha, amisiri ankalumikiza maselo motsatizana ngati mikanda pa ulusi kuti mphamvu ikwere, ndipo mu mzere wotere moto wofanana umadutsa mu selo iliyonse, kotero kuti yaing'ono imadzadza msanga komanso imatha zinzake zikadali ndi moto. Komabe batire ya mtovu ndi yopirira, chifukwa ikatchajidwa mopitirira muyeso imangotaya madzi ngati mpweya, ndipo mwini wake amathiramo ena.

Lithium analibe kupirira koteroko. Stanley Whittingham anapanga batire yake ku kampani ya Exxon m'zaka za m'ma 1970, John Goodenough anapeza mankhwala opereka mphamvu yoposerapo ku Oxford mu 1980, ndipo Akira Yoshino wa ku Asahi Kasei anachotsamo chitsulo chenicheni cha lithium, chomwe sichichedwa kuyaka, mu 1985. Sony inayamba kugulitsa mabatirewa mu 1991, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Selo ya lithium ikadzadza mopitirira malire imatentha ndipo ikhoza kuyaka, choncho opanga anayamba kuika m'batire kachipangizo kotchedwa BMS, kamene kamayeza mavolti a selo iliyonse ndi kudula moto zinthu zisanafike poipa.

Kusintha kwakukulu pa nkhani ya kusakaniza kunadza ndi mtundu wa lithium iron phosphate, umene gulu la Goodenough linaufotokoza ku University of Texas mu 1997. Selo yake imapereka mavolti 3.2, ndipo zinayi zimakwana 12.8, chiwerengero chimene chinalola kuti ilowe pamalo pa batire ya mtovu m'maboti ndi m'nyumba za sola. Mtengo wake wokwera unachititsa anthu ambiri kugula pang'onopang'ono, batire ya 100 Ah (Ah ndi muyeso wa kuchuluka kwa moto umene batire imasunga) chaka chino ndi ya 200 Ah ndalama zikapezeka, ndipo apa mpamene lamulo lakale linayamba kuunikidwanso.

Zinaoneka kuti lamulolo linkaphatikiza nkhani ziwiri zosiyana. Pa kulumikiza motsatizana chiletso chikadali choona, pakuti batire yaing'ono ndiyo imaika malire a mzere wonse, ndipo BMS yake ikadula moto nyumba yonse imagwa mdima. Koma mabatire akalumikizidwa mbali ndi mbali, ndiye kuti nsonga za pulasi pamodzi ndi za mainasi pamodzi, onse amakhala pa mavolti amodzi, yaikulu imasenza katundu wochuluka, ndipo 100 Ah ndi 200 Ah zimapereka pafupifupi 300 Ah. Chiletso chinalowedwa m'malo ndi zofunika kusamala, zimene n'zolimba kuposa mmene ambiri amaganizira: mabatire akhale a mtundu umodzi wa mankhwala ndi chiwerengero chimodzi cha maselo, iliyonse ikhale ndi fyuzi yakeyake, mawaya akhale ofanana kutalika ndi kunenepa, ndipo onse atchajidwe mpaka kudzadza asanalumikizidwe, popeza yodzadza ikakumana ndi yopanda moto imakhuthulira mwa inzake moto wochuluka nthawi imodzi. Choopsa chimene chimaiwalika kawirikawiri n'chakuti BMS ya batire yaikulu ikadula moto, katundu yense amagwera yaing'ono, ndipo n'chifukwa chake opanga ena mpaka lero salola kusakaniza ndipo amakana kubweza batire imene yawonongeka italumikizidwa ndi ya kukula kwina.