Mauritius: chilumba chimene nzimbe zinadzaza ndi anthu

Amalinyero a ku Netherlands atakocheza pa Mauritius mu 1598 sanapezepo munthu ngakhale mmodzi. Panali nkhalango yowirira, akamba akuluakulu ndi dodo, mbalame yonenepa yosauluka imene sinkathawa munthu chifukwa inali isanamuonepo. Lero chilumbachi, chotalika makilomita 65 okha, chili ndi anthu oposa 1.2 miliyoni, ndipo aliyense makolo ake anachita kubwera. Ambiri sanabwere mwa kufuna kwawo. Zinawakoka ndi nzimbe.

Alendo ochuluka amathera masiku awo pamchenga wa kuhotelo, ndipo mchengawo ndi wokongoladi. Koma kagulu ka anthu ochepa, kokwana m'minibasi imodzi ndi wolondolera wodziwa mbiri, kangathe kuyenda m'mapazi a anthu onsewa m'masiku owerengeka.

Poyambira ndi ku Vieux Grand Port, kummwera chakummawa, kumene Adatchi, anthu a ku Netherlands aja, anamanga linga lawo mu 1638. Ndiwo anatcha chilumbachi dzina la kalonga wawo, Maurits van Nassau, ndipo ndiwo anabweretsa mbewu ya nzimbe kuchokera ku Java. Anamondwe, makoswe ndi njala zinawatopetsa mpaka anasamuka mu 1710, dodo atatha kale psiti. Afalansa analowa mu 1715, ndipo bwanamkubwa Mahé de La Bourdonnais, yemwe anafika mu 1735, anakuza doko la Port Louis. Munda wa mitengo wa ku Pamplemousses, wa maluwa a m'madzi a masamba otambalala ngati lichero lalikulu, nawonso ndi wa nthawi ya Afalansa. Ola limodzi kapena awiri n'zokwanira pamenepo.

Malo oyenera tsiku lathunthu ndi Le Morne Brabant, phiri lathanthwe lotalika mamita 556 lomwe laima pansonga ya kummwera chakumadzulo, nyanja italizinga pafupifupi mbali zonse. Minda ya Afalansa inkalimidwa ndi akapolo ogwidwa ku Madagascar ndi kugombe la kummawa kwa Africa, odutsira ku Kilwa ndi pachilumba cha Mozambique. M'mabuku a nthawiyo muli mitundu yawo: Amakua, Ayao, Amaravi. Atafika kuno, onse ochokera kugombelo ankangotchedwa "Mozambique". Wowerenga wa ku Nkhotakota, ku Mangochi kapena ku Tete adziwe kuti ena mwa anthu amene anasowa m'midzi ya makolo ake anathera kuno.

Akapolo othawa ankabisala m'mapanga ndi pamwamba pa phirili, poti njira yake ndi yoopsa ndipo owasaka ankaonekera patali. Anthu a m'derali amasimba kuti ukapolo utathetsedwa pa 1 February 1835, asilikali anakwera kukalengeza ufulu, koma othawawo poganiza kuti abwera kudzawagwira anadziponya kuphompho. Nkhaniyi yasungidwa pakamwa, ndipo UNESCO poika phirili pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2008 inalemekezanso chikumbukiro chimenechi. Kukwera kumafuna kulawira mmamawa. Chigawo chomaliza munthu amakwawa chogwira miyala ndi manja, mmodzimmodzi, n'chifukwa chake chigulu chachikulu sichiyenda bwino pano. Madzulo, m'midzi ya asodzi ya m'munsi, mungamve sega, gule wa zidzukulu za akapolo, woimbidwa ndi ravanne, ng'oma yopyapyala ya chikopa cha mbuzi imene amayamba aiwamba pamoto kuti ilire bwino.

Angerezi, omwe analanda chilumbachi mu 1810, ndiwo anathetsa ukapolo. Chipukuta misozi choposa mapaundi 2 miliyoni chinapita kwa eni akapolo, pomwe akapolowo, oposa 60,000, sanalandire kanthu ndipo anakakamizidwa kugwirabe ntchito mpaka 1839. Atamasukadi, ambiri sanafunenso kuona munda wa nzimbe.

Eni minda anatembenukira ku India. Pa 2 November 1834 sitima yotchedwa Atlas inatsitsa anthu 36 a kontirakiti ya zaka zisanu, ndipo pofika 1920 anali atafika anthu pafupifupi theka la miliyoni. Pa Aapravasi Ghat, m'mphepete mwa doko la Port Louis, pakadali masitepe 16 amiyala omwe ankakwera potsika m'boti, komanso zotsalira za chipatala, khitchini ndi mosambira. Malowa ndi aang'ono moti munthu wothamanga angawapitirire, koma ndi pamene munthu ankapatsidwa nambala n'kutumizidwa kuesiteti. Kujomba tsiku limodzi ankamudula malipiro a masiku awiri. Zithunzi za nkhope zawo, zomata m'mabuku pambali pa nambalayo, zikusungidwa ku Mahatma Gandhi Institute ku Moka, ndipo mabanja amapitako kukafufuza agogo awo.

Zidzukulu za anthu amenewa ndizo zachuluka pachilumbachi lero, ndipo mmodzi mwa ana awo, Seewoosagur Ramgoolam, anatsogolera dzikoli pamene linalandira ufulu pa 12 March 1968. Chikhulupiriro cha ambiri mwa zidzukuluzi chimaonekera ku Grand Bassin, nyanja ya m'chibowo cha phiri lomwe kale linkaphulika, kumene Ahindu zikwizikwi amapita wapansi pa chikondwerero cha Maha Shivaratri, mu February kapena March. Pakhomo paima fano la Shiva lotalika mamita 33. Mlendo avale modzilemekeza ndipo avule nsapato polowa m'kachisi.

Mafakitale a shuga ambiri anatsekedwa, chuma chinatsamira ku nsalu, mabanki ndi alendo. Fakitale ya Beau Plan, yomwe inasiya kugaya mu 1999, tsopano ndi nyumba yoonetsera mbiri yotchedwa L'Aventure du Sucre, ndipo makina ake akadali m'malo mwake. Ili pafupi ndi munda wa Pamplemousses, choncho malo awiriwa amayendeka tsiku limodzi. Ofuna kukwera Le Morne asankhe miyezi ya May mpaka October, chifukwa kuyambira November mpaka April ndi nyengo ya mvula ndi anamondwe, ndipo thanthwe likanyowa limaterera.