Zingwe za Ulalo wa Luangwa

Ife a kuno ku Bundabunda timaona malole akudutsa pa Great East Road usana ndi usiku, atasenza simenti, feteleza ndi cimanga. Onse opita ku Chipata amawoloka Luangwa pa ulalo umodzi wokha. Mbiri ya ulalowo ndi sayansi yomwe ija ya mphamvu imene ana athu amangoloweza m'kalasi.

Ulalo woyamba unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Unali wopapatiza, wokhazikika pa mizati. Pamenepo nkhani inali yosavuta: dziko limakokera ciliconse pansi, monga Isaac Newton anafotokozera mu 1687, ndipo mizati imakankhira m'mwamba molingana. Katundu akaposa mphamvu ya mzati, ulalo umagonja.

Umene tikuwolokapo lero unatsegulidwa mu 1968, patapita zaka 4 cilandilire ufulu. Akatswiri a Freeman Fox & Partners a ku London anasankha njira ina. Anaimika nsanja zazitali, n'kusiya mamita 222 pakati popanda mzati. Zingwe za citsulo zimacokera pamwamba pa nsanjazo kudzagwira mseu. Lole ikafika pakati, kulemera kwake kumakoka zingwe, zingwe zimakoka nsanja, nsanja zimapanikizika n'kutsitsira katunduyo ku maziko. Woyendetsa ngolo ya ng'ombe izi azidziwa kale: cheni cimakoka ngolo koma sicingaikankhe. Cingwe nchito yake n'kukokedwa, mzati nchito yake n'kupanikizidwa. Kwa ife, nzeru ya mu 1968 inali kupatsa ciliconse nchito yake.

Palinso mphamvu ina imene aphunzitsi amaidutsa mofulumira, kukhulana kwa tayala ndi phula. Pa makhota otsetsereka a Manenekera, musanafike pa ulalo, ndi yokhayo imene imaletsa lole kutsatira kumene dziko likuikokera. Matayala akatha kapena mvula ikanyowetsa mseu, imacepa, pomwe kulemera kwa lole kuli komweko.

Akuluakulu akumbukira November 1979, pamene asilikali a Rhodesia anaphulitsa ulalo wa pa Chongwe, mseu wa ku Lusaka n'kuduka. Lero za mabomba zinatha, koma ulalo wa pa Luangwa wadutsa zaka 50, ndipo zingwe zake zinapangidwira katundu wa malire ake. Madalaivala ena amadandaula akaimitsidwa pa sikelo ya Road Development Agency. Matani oonjezera amene sikeloyo yaphonya amakathera pa zingwe zomwezo.