Cifuwa ca mwana: liti tisamalile panyumba, liti tithamangile ku cipatala

M'miyezi yozizila ya June ndi July, ana ambili kuno ku Chipangali amadwala cimfine ndi cifuwa. Kawili-kawili cimatha cokha pakapita mlungu umodzi kapena iwili. Koma nthawi zina matendawa amatsikila m'mapapo n'kukhala cibayo, cimene cingaphe mwana m'masiku ocepa. Tingadziwe kusiyana kwake mwa kuwelenga kapumidwe ka mwana.

Mwana akakhala phee, osalila, timuvule malaya, tiyang'ane pacifuwa, ndi kuwelenga kwa miniti imodzi yathunthu pogwilitsa nchito wochi kapena foni. Akupuma mofulumila ngati wapuma:

• maulendo 60 kapena kuposa, khanda losafika miyezi 2
• maulendo 50 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11
• maulendo 40 kapena kuposa, wa caka 1 mpaka zaka 5

Tikaona zimenezi, tipite naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Tinyamuke nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza ciliconse, akukomoka, kapena akuvuta kudzuka. Odwalitsa amatumizidwa ku cipatala cacikulu monga Chipata Central Hospital. Kupemphela n'kofunika, koma tipemphele tili kale panjila.

Ngati palibe zizindikilo zimenezi, timusamalile panyumba. Mayi apitilize kuyamwitsa pafupi-pafupi. Wopitilila miyezi 6 timupatse madzi ndi phala pang'ono-pang'ono. Tizimupukuta m'mphuno asanayamwe. Uci umafewetsa pakhosi, koma tisapatse mwana wosakwana caka. Timufunditse bwino, ndipo tisamugoneke pafupi ndi mbaula, m'khichini mwa utsi wa nkhuni, kapena pamene akulu akukoka fodya.

Tisagule makapisozi pa kantemba kapena kumupatsa otsala a m'bale wake. Akatipatsa amoxicillin ku kiliniki, mwana amalize masiku onse ngakhale aoneke kuti wacila. Thupi likatentha, akapimidwe malungo. Cifuwa copitilila masiku 14 cifunika kupima TB.

Katemela wa cibayo wochedwa PCV, amene anayamba m'Zambia mu 2013, amapelekedwa kwaulele ku sikelo mwana ali ndi milungu 6, 10 ndi 14. Tiyeni tione khadi la mwana lelo lomwe. Ndipo ife amene tili ndi njinga kapena honda, tisakane mnansi akagogoda usiku.