Khadi la mawu lopanda mawu

Womasulira amene amangotsata liwu ndi liwu akakumana ndi dzina loti sound card amafika pa "khadi la mawu", ndipo dzinali limakoma m'khutu kufikira tsiku limene wophunzira agwira AdLib m'manja. Khadi limeneli linatuluka mu 1987 ku kampani ya Ad Lib ya mumzinda wa Quebec ku Canada, ndipo otolera zipangizo zakale za kompyuta amalilemekeza ngati kholo. Komatu silinapangidwe kuti lizibwereza mawu a munthu ojambulidwa. Mtima wake unali chip imodzi ya Yamaha, YM3812, yodziwika kuti OPL2, yomwe imapanga kamvekedwe kuchokera ku masamu okha. Wophunzira akafunsa kuti nanga mawuwo ali kuti, wolakwa si iye, ndi dzinalo.

Ntchito yonse yozindikira makhadi amenewa yagona pa kusiyanitsa zochita ziwiri zimene "mawu" amaziphimba pamodzi. Choyamba ndi kuumba kamvekedwe. Njira ya FM, yomwe John Chowning anaitulukira ku Stanford mu 1967 ndipo Yamaha inagula chilolezo choigwiritsa ntchito, imatenga funde limodzi n'kulipotoza ndi linzake mpaka pamveke china chonga belu kapena lipenga. OPL2, yomwe imagwiritsa ntchito njira imeneyi, imatha kuliza timizere ta nyimbo 9 nthawi imodzi. Chachiwiri ndi kubwereza chimene chinajambulidwa kale, monga imachitira kaseti. Sound Blaster, yomwe kampani ya Creative Technology ya Sim Wong Hoo ku Singapore inatulutsa mu 1989, inanyamula OPL2 yomweyo kuti masewera olembedwera AdLib azilira bwinobwino, n'kuwonjezera mbali yobwereza zojambulidwa ndi polumikizira chowongolera masewera. Pofika 1992 Ad Lib inali itagwa. Mbiri imeneyi singafotokozeke ngati zonse tizitcha mawu, chifukwa chimene chinagwetsa khadi lina n'kukweza linzake ndi kusiyana komweko kumene dzinalo lameza. Ndipo pali mtundu wachitatu wokhala pakati: Gravis UltraSound ya 1992 ndi Sound Blaster AWE32 ya 1994 zimatenga tizidutswa tojambulidwa ku zida zenizeni zoimbira, n'kumatikweza kapena kutitsitsa kuti tipange nyimbo.

Ine ndikuti tichoke ku mayina a zinthu tipite ku aneni, kumene Chichewa chili ndi mphamvu. Timaliza belu, timaliza lipenga, timaliza nyimbo pa wailesi. "Khadi lolizira" likukwanira AdLib, Sound Blaster ndi UltraSound popanda kulonjeza kuti wina alankhula. Pansi pake tikhoza kunena khadi loumba, khadi lobwereza, ndi khadi loimba ndi tizidutswa. Mayina amenewa ndi ataliko, inde, koma aliyense akuuza womva chimene chipangizocho chimachita.

Liwu lachiwiri lovuta ndi lija la pamsika, feki. Pamsika chilichonse chosakhala cha mwini dzina ndi feki, ndipo pa makhadi akale chiweruzo chimenechi chimalakwira osalakwa n'kumasula olakwa. Khadi lokhala ndi chip ya ESS AudioDrive silinamize munthu. Ndi ESS yeniyeni, yomwe inapangidwa kuti masewera a DOS akaitana pa adiresi 220, IRQ 5 ndi DMA 1, iyankhe monga ikanayankhira Sound Blaster. Limeneli ndi khadi loyankha ngati Sound Blaster, ndipo kuyankha si kuba. AdLib zimene anthu okonda zakale akupanganso masiku ano, n'kumanena poyera kuti n'zatsopano, ndi zotengera. Chinyengo chimayamba pamene chotengera chagulitsidwa ngati cha 1987, kapena chip yafufutidwa n'kulembedwa nambala ya ina. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale dzina la mwini silitsimikizira kamvekedwe. Sound Blaster 16 inayamba mu 1992 ili ndi OPL3 ya Yamaha, YMF262, koma mitundu ina yam'mbuyo mwake inaikidwa CQM, yotengera ya Creative yomwe, ndipo nyimbo imodzimodziyo imamveka mosiyana pa makhadi awiri a dzina limodzi. N'chifukwa chake wotolera wodziwa sawerenga bokosi. Amayang'ana nambala yoyamba ndi CT yosindikizidwa pa khadipo, monga CT1600 ya Sound Blaster Pro 2, kenaka n'kuwerenga zolembedwa pa chip iliyonse. Chenicheni, choyankha ngati, chotengera, chachinyengo: mawu onsewa tili nawo kale, feki wangowakhalira pamwamba.

Wina anganene kuti n'kutaya nthawi kusulira mawu zipangizo za ku Canada ndi ku Singapore zomwe zinasiya kupangidwa kalekale, poti ozifuna amadziwa kale Chingelezi. Zipangizozo zinathadi, koma maganizo ake sanathe. Kiyibodi ya kutchalitchi ndi kompyuta ya mu situdiyo zimaumbabe kapena kubwereza, ndipo mnyamata wophunzira kujambula nyimbo amakumana ndi kusiyana komweku. Khadi lakale limangokuonetsa poyera, chifukwa ntchito iliyonse inali ndi chip yakeyake yoti n'kuiloza ndi chala. Wina wa mbali inayo anganene kuti ngati tayamba, timalize, timasulirenso ISA, IRQ ndi OPL. Apa ndikukana kwamtuwagalu. Zilembo zimenezi zinasindikizidwa pa chipangizocho ndi m'mabuku ake, ndipo wotolera amene waphunzira dzina lina la ISA, polowetsa khadi m'kompyuta, sadzathandizika posiyanitsa khadi lalifupi mano la 8-bit ndi la 16-bit lokhala ndi mzere wachiwiri wa mano, kapena zonsezi ndi khadi la PCI. Chosindikizidwa pa chitsulo chikhale momwemo.

Malire amenewa ndiwo amasowa nthawi zambiri pokonza mawu a zaluso. Kuyambira pa Chichewa Board ya 1972 mpaka Centre for Language Studies yomwe inalowa m'malo mwake mu 1996 ku Zomba, udindo wosamala chinenerochi wakhala uli ndi eni ake, koma bungwe lililonse lotere, kulikonse padziko, limakumana ndi yesero limodzi: kutenga mndandanda wa mayina a Chingelezi n'kuika dzina la Chichewa pafupi ndi lililonse. Njira imeneyi ndi imene imabala "khadi la mawu". Wosula liwu ayenera kuyamba wakhala ndi wokonza mawailesi ndi wojambula nyimbo, amve AdLib ndi UltraSound zikuliza nyimbo imodzi, afunse kuti chasiyanitsa n'chiyani, ndipo cholowa m'mtanthauziramawu chikhale yankho la funso limenelo, pamodzi ndi nambala ya chip yosakhudzidwa.