Kampani ya Niassa: boma la zaka 35 limene eni ake ankangosinthana

Kampani ya Niassa, pa Chipwitikizi Companhia do Niassa, inali kampani yamalonda imene inalamulira dera limene lero ndi zigawo za Niassa ndi Cabo Delgado kuyambira 1894 mpaka 1929. Malire ake anali mtsinje wa Lúrio kummwera, mtsinje wa Rovuma kumpoto, nyanja yamchere kuvuma ndi nyanja ya Niassa kuzambwe. Cuamba, Mandimba ndi Ngauma zinali m'dera lomweli.

Chiyambi chake

Boma la Portugal linalibe ndalama zoyendetsera dziko lalikulu chotere, choncho linalibwereketsa kwa amalonda. Kampaniyi inali ndi asilikali ndi apolisi ake, inkatolera msonkho, ndipo inali ndi masitampa akeake a positi. Likulu lake linali pachilumba cha Ibo, kenako linasamukira ku Porto Amélia, komwe lero ndi Pemba.

Amene anasinthana pa ulamuliro

1891: Chilolezo choyamba chinaperekedwa kwa wamalonda wa ku Lisbon, Bernardo Daupias.

1897 mpaka 1899: Kampaniyi inagwa m'manja mwa azachuma a ku Britain kudzera m'magulu a Ibo Syndicate ndi Ibo Investment Trust. Ankayembekezera kupeza chuma chochuluka, koma phindu silinaoneke.

1908: Inatengedwa ndi Nyassa Consolidated, gulu logwirizana ndi eni migodi a ku South Africa. Phindu lalikulu panthawiyi linali kutumiza amuna ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Ntchito imeneyi inaletsedwa mu 1913 chifukwa anthu ochokera kumpoto ankafa kwambiri kumigodiko.

1914: Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itayandikira, mabanki a ku Germany anagula masheya ambiri. Nkhondo ili mkati, boma la Britain linalanda masheyawo.

1917: Masheya aja anagulitsidwa kwa azachuma a ku Britain otsogozedwa ndi eni kampani ya sitima zapamadzi ya Union-Castle. Awa ndiwo anali eni omaliza.

Mu Okutobala 1929 nthawi ya chilolezo inatha. Portugal inakana kuonjezera, n'kuyamba kulamulira yokha derali.

Zimene alimi anaona

Eni kampani ankasintha ku Ulaya, koma kumudzi zinthu zinali zomwezo: msonkho wa nyumba, chibalo, kunyamula katundu wa azungu ndi nkhanza za apolisi. Wolephera kukhoma msonkho ankagwidwa kukagwira ntchito, munda wake n'kutsala thengo.

Mafumu ena a Chiyao anakana kugonja. Wotchuka kwambiri anali Mataka, amene likulu lake la Mwembe linalandidwa mu 1912, iye n'kuthawira kutsidya kwa Rovuma. Anthu masauzande ambiri anasiya midzi yawo n'kuwolokera ku Nyasaland, komwe lero ndi Malawi, ndipo ena anapita kumpoto, ku dziko limene lero ndi Tanzania. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mabanja ambiri a m'malire ali ndi abale mbali zonse ziwiri.

Kampaniyi inalonjeza njanji yochokera ku Pemba kukafika kunyanja ya Niassa, koma siinamange. Njanji imene imadutsa ku Cuamba inabwera pambuyo pake kuchokera kugombe la chigawo cha Nampula, ndipo inalumikizana ndi Malawi kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi mu 1970, patatha zaka 41 kampaniyo itachoka.