Maliro a Anthu Otsatsa Malonda pa Wailesi ndi pa Kanema

Aliyense amene anafikapo pa dooko la Makokola, m'boma la Mangochi, nthawi imene asodzi akukocheza mabwato, amadziwa kuti malonda amayenda ndi pakamwa. Usipa, utaka kapena chambo zingakhale zonona chotani, wogula amayamba waima kwa munthu amene akudziwa kuitanira, kuseketsa ndi kunenerera. Luso limeneli ndi lakale kuposa wailesi. Chimene wailesi ndi kanema zinachita ndicho kutenga mau a munthu mmodzi wotere ndi kuwalowetsa m'nyumba zikwizikwi pa nthawi imodzi. Nkhani ino ikulongosola mbiri ya mau amenewa, ndiponso zimene anthu amachita mwini mau akamwalira mwadzidzidzi.

Wailesi inayamba kufika m'midzi ya dziko lino kuchokera ku Lusaka. M'chaka cha 1949 kunabwera kawailesi ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kamene kampani ya Ever Ready inakonza pomvera pempho la Harry Franklin, ndipo kankagulidwa mapaundi 5. Nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka inkalankhula Chinyanja pakati pa zinenero zina, kotero kuti anthu a ku Fort Johnston, lomwe ndi dzina lakale la Mangochi, ankamva nkhani ndi nyimbo m'chinenero chodziwika. Mmodzi mwa anthu amene mau ao anatchuka m'masiku amenewo anali Alick Nkhata, muulutsi ndiponso woimba. Iyeyu anaphedwa mu Okutobala 1978 kufupi ndi Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia anaukira misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe. Dziko la Zambia silinamuiwale: likulu la wailesi ya dzikolo linamangidwa m'mbali mwa msewu wotchedwa dzina lake.

Kuno kwathu, bungwe la MBC linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka zoposa 30 linali lokhalo loulutsa mau m'dziko muno. Wamalonda wofuna kuti sopo, feteleza kapena mankhwala ake amveke kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa analibe khomo lina. Wailesi ya kanema inachedwa kufika, pakuti Television Malawi inayamba mu 1999. M'madera a kunyanja monga Makokola, Nkopola ndi Monkey Bay, kumene nyumba zambiri zinalibe magetsi, anthu ankaonera kanema pamodzi m'magolosale, m'malo omwera tiyi ndi m'tinyumba toonetsa mafilimu. Choncho nkhope ya wotsatsa malonda inkaonedwa ndi gulu, ndipo nthabwala zake zinkabwerezedwa mawa lake pa msika.

Amalonda ndi mabungwe anazindikira msanga kuti Mmalawi samvera munthu wokuwa, koma amatchera khutu kwa munthu woseketsa. N'chifukwa chake ntchito yotsatsa malonda ndi yofalitsa mauthenga a zaumoyo inagwera kawirikawiri m'manja mwa anthu a zisudzo. Mwa onsewa, palibe amene anaposa John Nyanga ndi Eric Mabedi a gulu la Kwathu, amene dziko lonse linkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo. Awiriwa ankakangana ngati anthu awiri a pa mudzi, wina kupotoza nkhani, wina kuyesa kuiwongola, ndipo pomwe womvera akuseka, uthenga unali utalowa kale.

Paja akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. John Nyanga, amene m'zaka zake zomaliza anali mbusa wa mpingo, anamwalira ku Blantyre mu Meyi 2016. Eric Mabedi anamutsatira mu Ogasiti 2021, pa nthawi imene mliri wa Covid-19 unali utavuta ndipo boma linali litaika malire pa chiwerengero cha anthu osonkhana. Pa maliro onse awiri, anthu amene sanagwirepo chanza cha malemuwa anadandaula ngati ataya mbale wao. Mauthenga a chipepeso anadzaza pa Facebook, ndipo zithunzi za masewero ao akale zinayenda pa mafoni. Ambiri sankatchula n'komwe maina a Nyanga ndi Mabedi. Ankangoti Izeki wapita, Jakobo watisiya, pakuti dzina la pa sewero linali litameza dzina la ubatizo.

Zoterezi sizichitika m'Malawi mokha. Ku America kunali bambo wina wandevu, wa mau okweza, dzina lake Billy Mays, amene anaphunzira ntchito yoitanira malonda m'mbali mwa nyanja ku Atlantic City, monga momwe anyamata a kaunjika amaphunzirira pa msika. Anatchuka pa kanema potsatsa sopo wa OxiClean, ndipo mu 2009 anali ndi pulogalamu yakeyake yotchedwa PitchMen. Pa 28 Juni 2009 anapezeka atamwalira kunyumba kwake ku Florida, ali ndi zaka 50, patangopita masiku atatu chimwalirireni woimba Michael Jackson.

Zimene zinatsatira imfa yake zikuonetsa zinthu zitatu zimene zimabwera pa maliro otere. Choyamba ndi mphekesera. Dzulo lake Mays anali m'ndege imene inaphulika matayala potera ku Tampa, ndipo china chake chinamugunda m'mutu. Anthu anafulumira kunena kuti chamupha n'chimenecho, koma madokotala atapima thupi anapeza kuti anafa ndi nthenda ya mtima. Chachiwiri ndi ulemu wosayembekezeka. Anthu amene ankanyansidwa ndi kukuwa kwake anayamba kumuyamikira, ndipo onyamula bokosi lake anavala malaya obiriwira ngati mtambo ndi mathalauzi a khaki, chovala chimene iye ankaoneka nacho pa kanema. Chachitatu ndi funso lovuta: kodi malonda amene malemu anajambula apitirire kuonetsedwa? Kumeneko anawaimitsa kwa kanthawi, kenaka ena anabwereranso pa kanema.

Funso lachitatuli ndi lolemera kwambiri pa mwambo wa kuno. Kwa Ayao, Achewa ndi Atonga okhala m'mbali mwa nyanja, womwalira amalankhulidwa mwaulemu, ndipo kumva mau ake akuseka ndi kuitanira malonda nthawi imene banja likadali pa chisoni ndi chinthu cholasa mtima. Komabe kufafaniza mau amenewo ndi kukwirira munthu kawiri. Palinso nkhani ya chuma. Wamalonda amapitiriza kupindula ndi mau a malemu, pamene mkazi wamasiye ndi ana angakhale osalandira kanthu ngati panalibe pangano lolembedwa. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze ntchito za aluso, lilipo pa zifukwa zonga zimenezi, ndipo waluso aliyense amachita bwino kulemba pangano lake akadali moyo.

N'chifukwa chiyani anthu amalira munthu amene ntchito yake inali kuwakopa kuti atulutse ndalama m'thumba? Yankho lagona pa kuzolowerana. Mlendo amene amafika pa khomo tsiku ndi tsiku kwa zaka 20 kapena 30 amaleka kukhala mlendo. Anthu amaiwala mtengo wa katundu, ngakhale dzina la katunduyo, koma amakumbukira kuti anaseka pamodzi ndi makolo ao amene lero kulibe. Polira wotsatsa malonda, amalira nthawi yao imene inapita.

Maliro n'kulirana, ndipo aluso amenewa anasangalatsa dziko pa nthawi ya njala, ya matenda ndi ya mikangano ya ndale. Ulemu wowayenera suthera pa nkhata za maluwa. Matepi a masewero ndi malonda ao ayenera kusungidwa bwino m'nyumba zoulutsira mau ndi ku nkhokwe ya zolembedwa zakale ku Zomba, kuti ana obadwa mawa adzamve okha mmene Chichewa chinkalankhulidwira ndi anthu amene ankachidziwa kukoma kwake.