KUCHEPETSA NGOZI ZA MANKHWALA OZUNGUZA BONGO

Kuchepetsa ngozi, kumene pa Chingerezi amati harm reduction, ndi njira yothandizira anthu ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo kuti asafe ndiponso kuti asatenge matenda pa nthawi imene sanathe kusiya mankhwalawo. Njira zakale zinkafuna kuti munthu ayambe wasiya kenaka athandizidwe. Njira imeneyi imamulandira monga momwe aliri lero, podziwa kuti kusiya kumatenga zaka zambiri, kuti ambiri amagwa nadzukanso kangapo, ndi kuti amene wamwalira pa ulendowo sangadzasiyenso.

CHIYAMBI CHAKE

Ntchitoyi idayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1980. Mu mzinda wa Amsterdam ku Netherlands, gulu la anthu odzibaya heroin lidayamba m'chaka cha 1984 kusinthanitsa majekeseni ogwiritsidwa kale ntchito ndi atsopano, poopa matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B. Posakhalitsa kachilombo ka HIV kadaonetsa kufunika kwake.

Ku Edinburgh m'dziko la Scotland, apolisi ankalanda majekeseni ndipo kugula atsopano kudali kovuta. Motero anthu ambiri ankabwerekana jekeseni imodzi, ndipo madokotala atayeza magazi a gulu lina la odzibaya chapakati pa zaka za m'ma 1980 adapeza kuti pafupifupi theka adali ndi HIV. Ku Liverpool, kumene heroin idalinso yochuluka, azaumoyo adayamba kugawa majekeseni atsopano mu 1986 apolisi akudziwa, ndipo kachilomboka sikadafalikire chotere pakati pa odzibaya. Kusiyana kwa mizinda iwiriyi kudaphunzitsa maiko ambiri.

KAGWIRIDWE KAKE

Choyamba ndi kugawa majekeseni atsopano ndi kutolera akale. Magazi otsalira mu singano amanyamula HIV ndi hepatitis C kuchokera kwa munthu wina kupita kwa mnzake, kenaka kwa mkazi kapena mwamuna wake kunyumba, ngakhalenso kwa mwana wodzabadwa. Pamalo ogawirapo, munthu amayezedwanso magazi, amatsukidwa zilonda, ndipo amakumana ndi wina womulankhula mwaulemu.

Chachiwiri ndi mankhwala a methadone ndi buprenorphine. Mphamvu ya heroin imatha m'thupi pakangopita maola ochepa, ndipo ikatha munthu amamva kuphwanya thupi, kutsegula m'mimba, kutuluka thukuta ndi chibaba chosapiririka. Nchifukwa chake tsiku lake lonse limathera pofunafuna ndalama yogulira ina. Methadone amamwedwa kamodzi pa tsiku, kawirikawiri pamaso pa namwino, ndipo amaletsa zowawazo kwa tsiku lathunthu popanda kumuledzeretsa munthu ngati muyezo wake uli woyenera. Madokotala awiri a ku New York, Vincent Dole ndi Marie Nyswander, ndiwo adayamba chithandizochi m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 2005 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidaika mankhwala awiriwa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira.

Chachitatu ndi naloxone. Heroin ikachuluka m'thupi imafooketsa kupuma: munthu sadzuka ngakhale mumugwedeze, amapuma patalipatali, ndipo mwana wa diso amachepa ngati kadontho. Naloxone, wobaya kapena wopopera m'mphuno, amabwezeretsa kupuma m'mphindi zochepa. Mphamvu yake imatha msanga, nthawi zina ola lisanakwane, tsono wodwalayo ayenera kupitabe kuchipatala. Mu 2014 WHO idalangiza kuti mankhwalawa azikhala m'manja mwa achibale ndi anzawo a ogwiritsa ntchito heroin, popeza iwo ndiwo amakhalapo ngozi ikamachitika. Naloxone sathandiza munthu woledzera kachasu kapena chamba.

Maiko ena adasinthanso malamulo. Ku Portugal, kuyambira mu July 2001, munthu wopezeka ndi mankhwala ochepa, osapitirira ogwiritsa ntchito iye yekha masiku 10, satengeredwa kubwalo lamilandu. Amakaonekera pamaso pa komiti ya akatswiri a zamalamulo, zaumoyo ndi zachisamaliro cha anthu, imene ingathe kumutumiza kukalandira chithandizo. Kugulitsa mankhwalawo kudakali mlandu waukulu.

CHITSANZO CHA KU TANZANIA

Heroin yochokera ku Afghanistan yakhala ikudutsa pa nyanja ya Indian Ocean kufika m'madoko a kum'mawa kwa Africa, ndipo ina imatsalira m'mizinda ya m'mbali mwa nyanjayo. Ku Dar es Salaam kudzibaya kudafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Cha mu 2005 ochita kafukufuku adapeza mchitidwe woopsa wotchedwa flashblood: mayi wosowa ndalama ankadzibaya magazi a mnzake amene wangodzibaya heroin kumene, poyembekeza kuti chibaba chichepa.

Mu February 2011 boma la Tanzania lidatsegula kiliniki ya methadone pa chipatala chachikulu cha Muhimbili, mothandizidwa ndi ndalama za boma la America zolimbana ndi Edzi. Zipatala za Mwananyamala ndi Temeke zidatsatira, kenaka Zanzibar, Mwanza ndi Mbeya, mzinda umene amalonda ambiri a ku Malawi amaudziwa bwino. Ofika kukilinikiko amayezedwanso HIV ndi chifuwa chachikulu, ndipo opezeka ndi matenda amayamba kulandira mankhwala.

Koma padaoneka vuto. Kafukufuku adasonyeza kuti mwa amayi odzibaya mu mzindawo oposa theka adali ndi HIV, chiwerengero chokwera kwambiri kuposa cha amuna, pamene pa mzere wa ku Muhimbili amayi adali ochepa zedi. Amene adali pa ngozi yaikulu ndiwo sankafika.

AMENE AMATSALIRA KUNJA

Apa ndi pamene pali tanthauzo la mawu akuti chithandizo chikhale cha onse. Khomo likhoza kukhala lotsegula koma ena osatha kulowapo.

Amayi amatsalira chifukwa manyazi awo ndi aakulu: mwamuna wosuta amatchedwa wolowerera, koma mayi amatchedwa mayina oipa kuposa pamenepo. Ena amaopa kulandidwa ana, ena alibe wowasiyira ana, ena amaopa kukumana pa mzere ndi mwamuna amene adawachitira nkhanza. Mayi woyembekezera amene wamwerekera ndi heroin sayenera kusiya mwadzidzidzi, chifukwa kutero kungathe kuchotsa pathupi. WHO imalangiza kuti alandire methadone kapena buprenorphine.

Akaidi amatsalira chifukwa ndende zambiri zilibe chithandizochi. Masabata oyamba munthu atangotuluka m'ndende ndi oopsa kwambiri, popeza thupi lidaiwala mankhwala, ndipo muyezo umene ankaupirira kale ungathe kumupha. Ngozi yomweyi imagweranso amene wangotuluka kumalo osiyitsa mankhwala.

Achinyamata amatsalira pamene lamulo likufuna chilolezo cha makolo. Osauka ndi okhala kutali amatsalira chifukwa kupita kukiliniki tsiku ndi tsiku kumadya ndalama ya basi ndi nthawi ya ganyu. Pofuna kuthetsa zimenezi, zipatala zimaika maola a amayi okhaokha, zimalola okhazikika kutenga mankhwala a masiku angapo, ndipo zimalemba ntchito anthu amene adadutsamo kuti akafikire anzawo kumene amabisala.

MPINGO UKUTI CHIYANI?

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2291, amaphunzitsa kuti kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo popanda chifukwa cha chipatala ndi kulakwa kwakukulu. Pa za njira zochepetsera ngozi, akhristu akhala akusiyana maganizo. Mu 1999 masisitere a Sisters of Charity ku Sydney m'dziko la Australia adavomera kuyendetsa chipinda chodzibayiramo moyang'aniridwa ndi anamwino, koma likulu la Mpingo ku Roma lidawaletsa. Chipindacho chidatsegulidwa mu 2001 ndi mpingo wa Uniting Church. Mu 2010 dayosizi ya Albany ku America idalola nthambi yake ya zachifundo kugawa majekeseni atsopano. Mu 2014 Papa Francis adatsutsa zovomereza mankhwala ozunguza bongo mwalamulo, adakayikiranso mankhwala olowa m'malo, komabe ankakumbutsa kawirikawiri kuti womwerekera ndi munthu wa ulemu wake. Mpingo uli ndi nyumba zothandiza anthu kusiyiratu, monga Fazenda da Esperança ku Brazil, imene Papa Benedict XVI adaiyendera mu 2007.

Otsutsa amaopa kuti kupereka jekeseni nkuvomereza choipa. Ochirikiza amayankha kuti cholinga nkuteteza moyo, ndipo WHO itaunika kafukufuku wa maiko ambiri mu 2004 sidapeze umboni woti kugawa majekeseni kumachulukitsa odzibaya.

KWA AKATEKISITI NDI ATSOGOLERI A MIPHAKATI

Kuno kwathu mavuto aakulu ndi mowa ndi chamba, ndipo chithandizo chimapezeka ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Phunziro la ku Edinburgh ndi ku Dar es Salaam likutikhudza ndithu: munthu wothamangitsidwa amakabisala, ndipo kobisalako ndi kumene amadwalira ndi kufera. Mukamva kuti banja lina lili ndi mwana womwerekera, liyendereni, ndipo nkhani yake isatuluke pa msonkhano wa mphakati. Mukapeza munthu wakomoka, musamusiye kuti agone zimuthere. Mugonekeni chammbali kuti asatsamwidwe ndi masanzi, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Amene adasiya nagwanso, mumulandire ngati poyamba, ndipo mumuperekeze kukayambiranso chithandizo.